Teams ikakana kukulowetsani, musathamangire kuichotsa

Ntchito yanga ndi yothandiza anthu za makompyuta mu ofesi, ndipo mawu amene ndimamva kwambiri kuposa ena onse ndi oti "Teams yanga yafa." Teams ndi app ya Microsoft yochitira ma miting'i ndi kutumizirana mauthenga kuntchito. Munthu akamafika pa desiki yanga amakhala atayesa kale zonse zomwe akudziwa, wazimitsa laputopu nkuyatsanso, waichotsa app yonse nkuitsitsanso mpaka bandulo yatha, kenako walemba pasiwedi yomweyo mobwerezabwereza mtima uli m'mwamba chifukwa miting'i yayamba ndipo abwana akumufunsa pa WhatsApp kuti muli kuti kodi. Zimandimvetsa chisoni chifukwa nthawi zambiri app ija ilibe vuto lililonse. Chomwe chakana ndi china, ndipo munthu akadziwa pomwe angayang'ane, zambiri mwa izi zimatha pa mphindi zochepa chabe.

Choyamba kumvetsa ndi chakuti Teams payokha siyang'ana pasiwedi yanu. Ganizirani ofesi yokhala ndi mlonda pa geti. Teams ndi nyumba ili mkatimo, koma amene amakufunsani kuti ndinu ndani ndi mlondayo, ndipo kwa Microsoft mlonda ameneyu dzina lake ndi Entra ID, yemwe mpaka 2023 ankatchedwa Azure Active Directory. Mukalemba imelo ya kuntchito ndi pasiwedi, Teams imakutumizani kumeneko, akakhutira nanu amapereka kachiphaso kosaoneka kamene a IT timati token. Kachiphasoka kamagwira ntchito pafupifupi ola limodzi kenako kompyuta imakatenganso kena mwakachetechete inu osadziwa, nchifukwa chake mumatha miyezi osalembanso pasiwedi mpaka kuiwala. Tsiku lomwe kukonzanso kwa kachiphasoko kwalephereka ndi lomwe mumaona ngati Teams yafa. Ndiye mukaona kuti Outlook nayo ikufunsa pasiwedi, OneDrive nayo yaima, dziwani kuti nkhani ili pa akaunti, si pa app.

Ndiye munthu akabwera kwa ine, ndisanagwire chilichonse ndimamuuza kuti tsegulani Edge kapena Chrome, mutsegule windo ya InPrivate kapena Incognito, mulembe teams.microsoft.com mulowe pamenepo. Kayesedwe kameneka nkophweka koma kamagawa vuto pakati. Mukalowa bwinobwino pa browser ndiye kuti akaunti yanu ili bwino, vuto lili pa makina anuwo, ndipo chabwino china nchakuti miting'i ija mutha kulowa pompo pa browser zina tizikonza pambuyo. Mukakanidwanso pa browser ndiye kuti kuchotsa app sikungathandize olo mutaitsitsa kangati. Funsaninso mnzanu wa desiki yoyandikana ngati iye akulowa, chifukwa nthawi zina ofesi yonse imakhala yatsekeredwa panja, pamenepo palibe choti inu muchite koma kudikira a IT aone pa Service health, tsamba lomwe Microsoft imalengezapo mavuto a mbali yake.

Za netiweki ndidutsepo mwachangu koma pali chimodzi cha kwathu kuno chomwe chimapusitsa anthu ambiri. Bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook si intaneti yonse. Foni ikuonetsa 4G, mauthenga a pa gulu la kutchalitchi akulowa, ndiye munthu amalumbira kuti data ilipo, koma bandulo imeneyo siifikitsa ku ma seva a Microsoft. Mwalumikiza laputopu pa hotspot, chizindikiro cha WiFi chadzaza, Teams ingozungulira. Chimodzimodzi WiFi ya pa loji tikapita ku ma workshop ku Salima kapena ku Mangochi, zambiri zimafuna kuti mutsegule kaye browser muvomereze kapena mulembe nambala ya chipinda, musanatero intaneti palibe. Teams ikamalephera kufika kumene ikupita imatha kuonetsa 0xCAA82EE7, kutanthauza kuti dzina la seva silikupezeka, kapena 0xCAA82EE2, kutanthauza kuti yadikira yankho mpaka yatopa. Mukaona manambala awiriwa siyani pasiwedi, tsegulani tsamba lina lililonse muone ngati likutseguka.

Tsopano wotchi. Apa ndi pomwe anthu amandiyang'ana ngati ndikucheza, eti wotchi ikukhudzana bwanji ndi kulowa mu Teams? Ikukhudzana kwambiri. Kachiphaso kaja kamakhala ndi nthawi yoyambira ndi yothera, ndipo ma certificate amene kompyuta imagwiritsa ntchito potsimikiza kuti ikulankhuladi ndi Microsoft nawonso ali ndi masiku ake. Kompyuta ikamaganiza kuti tili chaka china chakale, zonsezi imaziona ngati zabodza. Ambiri a ife timagwiritsa ntchito malaputopu ndi ma desktop akale, ena ogula pa kaunjika, ndipo mkati mwake muli kabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama yachitsulo, pa ma desktop ambiri ndi CR2032, kamene kamasunga nthawi makina akazima. Kabatireka kakatha, magetsi akangothima basi wotchi yabwerera m'mbuyo, ndipo kuno magetsi kuthima si nkhani yachilendo. Code yomwe imabwera kawirikawiri pamenepa ndi 0xCAA20003. Pitani pa Settings, Time & language, Date & time, muyatse zoti nthawi izidzikonza yokha, mudine Sync now, ndipo muonetsetse kuti time zone ili pa UTC+02:00 Harare, Pretoria chifukwa ndi yomwe imagwirizana ndi nthawi yathu. Ndaonapo anthu amene laputopu yawo inabwera kuchokera kunja, time zone ikadali ya kumeneko, iwo anangosintha maola pamanja kuti wotchi izioneka yolondola. Pa sikilini zimaoneka bwino koma mkati kompyuta yasemphana ndi dziko lonse ndi maola angapo. Pa foni nazonso ndi chimodzimodzi, ma code a manambala 6 amene app ya Microsoft Authenticator imapereka otsimikizira kuti ndinu polowa amasintha pa masekondi 30 aliwonse ndipo amawerengedwa kuchokera pa nthawi ya foniyo, ndiye amene mumakonda kupititsa wotchi patsogolo ndi mphindi zisanu kuti musamachedwe, code yanu izikanidwa ngakhale mwailemba bwino.

Pasiwedi yeniyeniyo nayo ili ndi misampha yake. Uthenga wokhala ndi AADSTS50126 ukutanthauza kuti imelo kapena pasiwedi yalakwika, koma munthu amakhala akunena zoona kuti akulemba yomweyo ya masiku onse. Yang'anani kiyibodi. Pa kiyibodi ya ku UK chizindikiro cha @ chili pafupi ndi Enter, pa ya ku America chili pa Shift ndi 2, ndiye Windows ikasintha chilankhulo cha kiyibodi mwangozi, zomwe zimachitika mukadina batani la Windows ndi Space limodzi, zala zanu zikulemba @ koma kompyuta ikulandira chizindikiro china, ndipo simungaone poti pasiwedi imabisika ndi timadontho. Dinani kadiso kali kumapeto kwa bokosilo muone zomwe mukulemba. Ndipo chonde musamangoyesayesa, chifukwa mwa makonzedwe a Microsoft mukalakwitsa ka 10 akaunti imatsekedwa kwa mphindi imodzi, mukapitiriza nthawiyo imanka nitalika, ndipo code yake ndi AADSTS50053. Ikakhala AADSTS50055 ndiye kuti pasiwedi yatha nthawi, ikufunika yatsopano. Pa ichi ine maganizo anga ndi oti maofesi athu asiye kukakamiza anthu kusintha pasiwedi miyezi itatu iliyonse. Bungwe la ku America loona za miyezo la NIST linanena kale mu 2017 kuti mchitidwewu suthandiza, Microsoft nayo mu 2019 inauchotsa pa malangizo ake a chitetezo cha Windows. Zotsatira zake timaziona tonse, munthu amangosintha nambala ya kumapeto kapena kulemba pasiwedi pa kapepala nkumata pansi pa kiyibodi.

Vuto lina lomwe limazunguza mutu ndi la maakaunti awiri. Microsoft ili ndi akaunti ya munthu payekha, ija ya Outlook.com kapena Hotmail kapena yomwe munkalowera pa Skype isanatsekedwe mu May 2025, ndiye palinso akaunti ya kuntchito kapena kusukulu. Izi ndi zinthu ziwiri zosiyana ngakhale tsamba lolowera likuoneka lofanana, ndipo ena anatsegula akaunti yawoyawo pogwiritsa ntchito imelo ya kuntchito, ndiye imelo imodzi ili ndi maakaunti awiri ndi mapasiwedi awiri. Ikakufunsani kuti musankhe, sankhani Work or school account. Kwa ife a m'mabungwe pali chinanso, ma donor ndi ma partner amatiitana mu Teams yawo ngati alendo, ndiye mukadina link yawo mutalowa ndi akaunti ina yosiyana ndi yomwe anaitumizira kalata yokuitanani, mumalandira AADSTS50020, kutanthauza kuti kwawoko sakukudziwani. Apa pasiwedi yanu ilibe mlandu. Tulukani, mulowenso ndi imelo yomwe inalandira kuitanako, zikakanika auzeni akuitaneninso.

Laputopu yosiyirana nayonso imasunga za mwini wake wakale. Munthu wachoka ntchito Lachisanu, Lolemba makina apatsidwa kwa wina osawapukuta, ndiye Windows ikuyesabe kulowa ndi dzina la uja anachoka. Pa Settings, Accounts, Access work or school mumaona akaunti yomwe makinawo alumikizidwa nayo, ndipo mu Credential Manager mumakhala mapasiwedi akale osungidwa. Koma apa ndikupempheni, ngati laputopu ndi ya ofesi musadine Disconnect nokha, mutha kudzitsekera kunja kwa Windows yeniyeniyo, itanani a IT.

Tsopano ndifike pa chomwe chandipangitsa kulemba zonsezi, nkhani ya foni. Masiku ano pasiwedi yokha siikwanira, maofesi ambiri anayatsa MFA, kutanthauza kuti mukalemba pasiwedi muyeneranso kutsimikiza pa foni, kaya ndi SMS kaya ndi app ya Microsoft Authenticator. Ndi chinthu chabwino ndipo ine ndimachiikira kumbuyo ndi mtima wonse, chimatchinga akuba ambiri. Koma taonani mmene timachikhazikitsira. Tsiku loyamba ntchito munthu amauzidwa kuti tsitsani app iyi pa foni yanu, jambulani QR code iyi, basi zatha. Foniyo ndi yake yogula yekha, mwina sikilini inasweka kale, amakwera nayo minibasi tsiku lililonse, amadutsa nayo mu depoti madzulo, ana amaseweretsa kunyumba. Ntchito yake yonse, maimelo, mafayilo, ma miting'i, zapachikidwa pa chipangizo chimodzi chimenechi ndipo palibe amene wamuuza. Tsiku lomwe foni yabedwa kapena yagwera m'madzi, iye amadandaula za zithunzi ndi manambala a abale, osadziwa kuti watayanso njira yolowera kuntchito. Ndipo sizionekera pompo, chifukwa laputopu imapitiriza kugwira ntchito ndi kachiphaso kakale kwa masiku kapena masabata, kenako tsiku lina m'mawa ikufunsa kuti vomerezani pa foni yanu, foni yomwe kulibe.

Amagula foni ina, amatsitsa Authenticator, akuti alowe, app ikumuuza kuti avomereze pa Authenticator, yomweyo imene akufuna kuikhazikitsayo. Anthu amazungulira pamenepa tsiku lathunthu mpaka misozi. Ngakhale munayatsa backup, pa akaunti ya kuntchito backup imabweza dzina la akaunti lokha, mumayenerabe kutsimikizanso kuti ndinu. Ndinathandizapo mayi wina wogwira ntchito kumudzi, kutali ndi ofesi yaikulu, amene anakhala masiku angapo osalowa, malipoti ake osatumizidwa, ndipo kuofesi anthu anayamba kunong'ona kuti mayiwa akuzemba ntchito. Mayiwo ankachita manyazi kunena chifukwa ankaona ngati alakwitsa china chake. Sanalakwitse kanthu, foni inabedwa basi, ndipo kukonza kwake kunali kwa mphindi zochepa mbali ya admin, wa IT amene amayang'anira maakaunti a ofesi. Zoterezi zimandiwawa, munthu wakhama kuoneka waulesi chifukwa cha dongosolo lomwe sitinamufotokozere.

Njira yotulukira ilipo ndipo ili m'manja mwa admin wa ofesi yanu, osati mwa inu. Mu Entra muli batani loti Require re-register multifactor authentication, akadina limenelo mukalowanso mumafunsidwa kukhazikitsa foni yatsopano. Palinso Temporary Access Pass, code yakanthawi imene admin amakupatsani kuti mulowe nayo nkulembetsa foni ina. Ndiye foni ikasowa musadikire, uzani a IT tsiku lomwelo, komanso kuti achotse foni yakaleyo pa akaunti poti ili m'manja mwa munthu wina. Koma chabwino koposa ndi kukonzekera zisanachitike. Lero lomwe, pamene mukulowa bwinobwino, tsegulani aka.ms/mysecurityinfo muone njira zomwe zalembedwa pa dzina lanu. Ngati pali imodzi yokha onjezerani ina monga ofesi yanu ikulolera, nambala yachiwiri ya foni mwachitsanzo, ndipo posankha dziko muonetsetse kuti ndi +265. Muonenso ngati nambala yomwe ilipo mukuigwiritsabe ntchito, poti ambiri timasintha ma SIM ndipo nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatha kuperekedwa kwa munthu wina. Mukamagula foni yatsopano, musagulitse kapena kupatsa m'bale yakaleyo musanasamutse Authenticator.

Kwa mabwana ndi anzanga a IT, ifenso tili ndi gawo lathu. Ofesi yokhala ndi admin mmodzi yekha ili pa ngozi, iyeyo akapita ku maliro kumudzi kapena foni yake ikabedwa ndiye kuti aliyense wotsekeredwa adikira. Pakhale anthu awiri. Kwa ogwira ntchito kumadera komwe netiweki imavuta, monga mbali zina za Chitipa kapena Nsanje, SMS imatha kufika code itatha kale ntchito, ndiye aphunzitseni kuti code ya manambala 6 ya mu Authenticator imagwira ngakhale foni ilibe data. Ndipo ngati bungwe lili ndi ndalama zogulira magalimoto, silingalephere kugulira anthu ochepa ofunikira timakiyi ta USB ta chitetezo monga YubiKey, kuti ntchito isamadalire foni ya munthu yokha.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndimakana ngakhale munthu atandichonderera bwanji, kubwerekana akaunti. Munthu akatsekeredwa mnzake amamumvera chisoni nkumuuza kuti lowani ndi yanga achimwene, pasiwedi ndi iyi, code ikabwera ndikutumizirani. Mtima wake ndi wabwino koma zonse zomwe zichitike mmenemo zilembedwa pa dzina la mwini akaunti, ndipo chizolowezi chotumizirana ma code ndi chomwe akuba amadalira. Mu September 2022 kampani ya Uber inalowedwa motere, wakuba anali ndi pasiwedi ya munthu wina wogwira ntchito kumeneko, anamutumizira mapempho ovomereza ambirimbiri pa foni, kenako anamulembera pa WhatsApp ngati wa IT kuti angovomereza kuti zisiye, munthu uja anavomera. Kuyambira May 2023 Authenticator imafuna kuti mulembe manambala awiri amene akuoneka pa sikilini ya kompyuta, cholinga chake nchoti musamangodina Approve osadziwa chomwe mukuvomereza. Tonse tikudziwa mauthenga aja a anthu onamizira kuti atumiza ndalama molakwika pa foni, ndipo tinaphunzira kuti PIN siuza munthu. Code ya kuntchito isungeni chimodzimodzi. Wa IT weniweni safuna pasiwedi yanu kapena code yanu kuti akuthandizeni, ali ndi zida zake. Pempho lovomereza likabwera pa foni inu musakulowa paliponse, kanani ndipo mudziwitse ofesi, chifukwa zikutanthauza kuti wina ali ndi pasiwedi yanu.

Pali zina zomwe inu simungakonze ngakhale mutachita bwanji. AADSTS50057 ikutanthauza kuti akaunti yayimitsidwa, ndipo m'mabungwe a ma contract a chaka chimodzi izi zimachitika pamene contract yawonjezeredwa koma a HR sanauze a IT. AADSTS53003 ikutanthauza kuti lamulo la ofesi lakutchingani, mwina mukulowa pa laputopu yanuyanu yomwe siinalembetsedwe, mwina mwapita ku msonkhano ku Lusaka kapena ku Johannesburg pomwe ofesi inalola kulowa muli m'dziko muno mokha, mwina mwayatsa VPN yomwe ikukuonetsani ngati muli dziko lina. Nthawi zina mumalowa mu imelo bwinobwino koma Teams yokha ikukana chifukwa layisensi yake sinaikidwe pa dzina lanu. Zonsezi ndi za admin.

Nanga app ija imakhala ndi mlandu liti? Pamene browser yakulowetsani, wotchi ili bwino, netiweki ilipo, koma app ikungozungulira kapena kuonetsa sikilini yoyera. Apo ndiye tiyang'ane app. Muonetsetse kaye kuti ndi Teams yatsopano, chifukwa yakale ija yotchedwa classic inasiya kugwira ntchito mu July 2025, ndipo malangizo ambiri amene mungapeze pa intaneti oti mufufute foda ya mu appdata ndi a yakaleyo. Pa yatsopano tsekani Teams kaye, mupite pa Settings, Apps, mupeze Microsoft Teams, Advanced options, muyambe ndi Repair, zikakanika Reset. Mauthenga anu satayika chifukwa sasungidwa pa laputopu, ali ku seva. Izi sizidya bandulo ngati kutsitsanso app yonse. Ndipo amene mukadali pa Windows 10 dziwani kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 October 2025, ndiye nkhani yosintha makina kapena kukweza Windows muyambe kuikamba ndi ofesi.

Pomaliza pake mukamapempha thandizo, musangolemba kuti sizikutheka. Jambulani sikilini yonse ndi foni uthenga wa vuto ukuoneka bwino, pasiwedi yokha isaoneke. Pansi pa uthengawo nthawi zambiri pamakhala mizere itatu, Request Id, Correlation Id ndi Timestamp, ngati sikuoneka dinani pomwe palembedwa More details kapena Troubleshooting details. Manambala ataliatali amenewo kwa inu alibe tanthauzo koma ine ndikawaika mu Sign-in logs, kaundula wa onse amene ayesa kulowa, ndimaona kuyesa kwanu kwenikweniko, nthawi yake, makina omwe munagwiritsa ntchito, ndi chifukwa chomwe munakanidwira. Onjezerani kuti munalowa komaliza liti, ngati mwasintha foni, SIM kapena pasiwedi posachedwa, ndiponso ngati browser ikukulowetsani kapena ayi. Uthenga wotere ukandipeza, ngakhale muli ku Karonga ine ndili ku Lilongwe, nthawi zambiri ndimatha kukonza osakuimbirani nkomwe.